Galimoto ya Magetsi ndi Maliro a Nangozo

Ana anga, mutu uno ndikuulemba chifukwa cha mawu amene mlongo wanu Esinati anamva ku ukwati ku Kasinje mwezi wathawu. Mayi wina atamva dzina la bambo ake anati, "Oo, a Gama aja anatsitsa anthu pa galimoto ya maliro?" Esinati anabwera kuno maso ali ofiira. Mawuwo ndi oona, ndinawatsitsa. Koma onse amene amakamba nkhaniyi amaiyambira pa geti la mochale, ngati kuti ndinangodzuka m'mawa n'kuganiza zochititsa manyazi amayi a mpingo. Ine ndiiyambira pamene inayambira. Mapepala amene nditchule ali mu sutikesi yakuda pamwamba pa wadirobu. Wokayika akatsegule, koma abwezere pepala lililonse pamalo pake.

Zaka zoyamba, pa boma la Ntcheu

Nditangomaliza maphunziro a zamagetsi ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza alimi a mbatata ya kachewere, chimanga ndi mpunga. Kalata inati ndine woyang'anira nyumba, ndipo ndinazindikira msanga kuti zimenezi zikutanthauza chilichonse chimene chathyoka, kuyambira loko wa kuchimbudzi mpaka jenereta. Ofesi inali nyumba yaitali ya njerwa, kanjira pakati, zipinda uku ndi uku, mawindo aang'onoang'ono. Amene anaijambula sanakhaleko ku Ntcheu mu Juni. Masana enieni m'kanjira muja munali mdima, mababu amayaka kuyambira polowa mpaka poweruka, ndipo denga linalibe siling'i, moti kutentha konse kumathawira kumalata. Pansi pa desiki iliyonse panali hita, pamwamba pake ketulo. Soketi imodzi imanyamula zinthu zinayi, waya n'kumanunkha. Ndinalemba lipoti langa loyamba la masamba atatu, ndipo bwana wa nthawiyo, a Kanjedza, analibweza lili lopinda chimodzimodzi. Anati, "Gama, iwe ukadali mwana. Magetsi si feteleza kuti tiziyeza pa sikelo. Asiye anthu awothe." Lipotilo lili mu fayilo yoyamba. Mudzaona kuti palibe ngakhale chala chimene chinalidetsa.

M'zaka zimenezo ndi pamene ndinadziwana ndi a Nangozo, mlembi wa bungwe. Kwawo kunali kuseri kwa Tsangano, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo ankati munthu wobadwira kumapiri amaopa kuzizira kuposa mlendo chifukwa amakudziwa. Ndiwo anandipatsa dzina limene linandikakamira mpaka kupuma. Ndikangoonekera pakhomo amakuwa, "A Zimitsani afika! Bisani maketulo!" Ofesi yonse imaseka. Koma tsiku limene mayi anu anadwala pobereka Esinati, ndi a Nangozo amene anagona nawo m'chipatala. Zimenezi muzidziwe kuti mumvetse kuti sindinkanyamula mlendo.

Zaka za ku Bwanje

Pambuyo pake ananditumiza ku kaofesi kathu ka ku Bwanje, pakati pa minda ya mpunga. Ena ankati ndi chilango chifukwa cha malipoti. Kumeneko vuto linali lotembenuka. Pofika nthawi ya nkhomaliro malata amakhala ngati chiwaya, ndipo mafani amangozunguza mpweya wotentha womwewo. Pempho langa la siling'i linakhala osayankhidwa mvula ziwiri. Mapeto ake ndinagwirizana ndi bambo wina woluka mphasa, tinayala mphasa za bango pansi pa denga, pamwamba pa malata n'kupaka njereza. Alangizi amene ankathawira pansi pa mtengo wa mango masana anayamba kukhala m'kati. Ku Bwanje ndi kumene ndinaphunzira kuti amene amadya magetsi ambiri si anthu ayi, ndi nyumba yomangidwa mosaganiza. Anthu amangodziteteza.

Zaka za kuzimazima kwa magetsi

Nditabwerera pa boma ndinapeza magetsi akuvuta kuposa kale. Amatha kuchoka m'mawa n'kubwera anthu ataweruka, ndipo jenereta inkamwa dizilo ngati chidakwa cha pa maliro. Bwana watsopano, a Mkwate, anali aang'ono kwa ine ndi zaka zambiri, koma ndiwo oyamba kuwerenga lipoti langa mpaka tsamba lomaliza. Anapeza otithandiza akunja amene analonjeza mapanelo a sola ndi mabatire, pokhapokha nyumbayo itayamba yaleka kuwononga. Ntchito imeneyo inagwera ine. Tinachotsa mababu akale n'kuika atsopano osadya magetsi. Pamwamba pa kanjira tinaika malata oonekera, kuwala kwa dzuwa n'kulowa. Tinakhoma siling'i, tinatseka mipata ya pansi pa zitseko ndi mphira ya matayala akale, tinasadza mabulugamu amene ankatchinga mawindo a kum'mawa. Maketulo onse ndinawatolera, m'malo mwake n'kuika chithini chimodzi chachikulu chowiritsa madzi dzuwa likakwera, aliyense azitunga mu fulasiki yake. Zonsezi anthu anazilandira mong'ung'udza. Nkhondo inali pa mahita.

"A Zimitsani," anatero a Nangozo atatsekereza desiki ndi mwendo, "hita iyi inalowa muno inu musanamere ndevu."

"N'chifukwa chake yatopa, mayi. Ikapume."

"Nanga miyendo yangayi muilumikiza ku sola?"

"Desiki yanu ndiisunthira pa windo la kum'mawa."

Ndinaisunthadi. Patapita sabata ndinawafunsa m'mene zikuyendera. Anati, "Dzuwa lanulo ndi labwino, koma limaweruka msanga. Mulilembere kalata yochenjeza." Kuyambira pamenepo ankabwera ndi bulangete la m'miyendo, ndipo amayi ena onse anatengera.

Chaka chotsatira otithandiza aja anatumiza pikapu yoyera yoyendera magetsi, ndi chaja yake imene ndinaikhoma pakhoma la kuseri. Galimotoyo inalibe phokoso. Ikamayenda umangomva matayala akuphwanya timiyala. Dalaivala wathu a Dauya, munthu amene anayendetsa malole ku Joni zaka zambiri, anaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Galimoto yosatsokomola ndiidziwa bwanji kuti yadwala?" Lamulo linali lakuti izitchajidwa masana okha dzuwa likakhala lamphamvu, kuti isadye za mabatire a nyumba. Kutsogolo kwa chiwongolero kunali timizere khumi tosonyeza magetsi otsala. Ine sindikhulupirira kabuku kolembedwa ndi anthu a kudziko lopanda mapiri, choncho ndinaiyesa ndekha ulendo wa ku Tsangano kawiri. Tili awiri okha ndi a Dauya, kumbuyo kulibe kanthu, inadya timizere tinayi kukafika pamsika. Titadzadza matumba a mbewu kumbuyo, inadya tisanu ndi tiwiri. Pamsewu wosalala katundu samveka kwenikweni, koma pokwera phiri thumba lililonse limalipira. Manambala awiriwa muwasunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Julayi, chaka changa chomaliza

Chaka chimenecho chiperoni chinakhazikika masiku ambiri osachoka. Nkhungu imatsika kuchokera kumapiri m'mawa n'kukhala mpaka madzulo, mapanelo akungodontha madzi. Magetsi a m'mawaya kudera lathu anali atasowa chifukwa thiransifoma inapsa. Dizilo nayenso anasowa. Galimoto yathu yakale inali pamzere pomwetsera mafuta, mlonda akuidikirira, thanki ili gwa. Pikapu ya magetsi inali ndi timizere tiwiri tokha, chifukwa kadzuwa konse kamene timapeza kamathera m'makompyuta.

A Nangozo anamwalira Lachiwiri m'mawa kuchipatala, atadwala shuga kwa nthawi. Pabungwe pathu panali mwambo umene sunalembedwe paliponse koma sunaphwanyidwepo: wantchito akamwalira, galimoto ya bungwe imamuperekeza kwawo. Mlongo wawo wa malemu, a Yohane Ngozo, amene ndiwo mwinimbumba, anafika pa ofesi chipewa chili m'manja. Anati kumudzi anthu asonkhana kale, adzukulu auzidwa kuti akumba Lachinayi, ndipo mayi awo okalamba akukana kudya mpaka mwana wawo atafika. Thupi limayenera kufika Lachitatu. A Mkwate anaimba mafoni kulikonse. Amalole onse ankayankha chimodzimodzi, kuti bweretsani dizilo wanu. Kenaka anandiitana n'kutseka chitseko.

"A Gama, yoyerayo ingakafike?"

"Ndi timizere tiwiri siifika ngakhale pamsika wa Tsangano. Pokhapokha tiipatse za mabatire a nyumba."

"Mabatire akatsika kupyola mzere wofiira, otipatsa aja sadzatikonzeranso akawonongeka. Munasaina nokha."

"Sindipyola mzere wofiira, bwana. Koma ndiye kuti ofesi yonse izime, lero ndi mawa."

Anasisita pamphumi. Kenaka anatuluka n'kusonkhanitsa antchito m'kanjira. Palibe anatsutsa. Makompyuta anazimitsidwa, chithini cha tiyi chinazizira, anthu anakhala m'majasi akulemba ndi manja. Ine ndinakhala pa kampando pafupi ndi chaja, maso akupita ku mabatire, kubwerera ku galimoto, kupita kumwamba kumene kunalibe dzuwa. Lachitatu m'mawa mabatire anafika pa mzere wofiira ndipo ndinazula waya. Galimoto inali ndi timizere tisanu. Tinayi n'tofikira pamsika wa Tsangano wopanda katundu. Kamodzi kotsalako n'ka bokosi, anthu ochepa, ndi chikweza chomaliza cha kumudzi kwawo. Za kubwerera sindinaziganizire n'komwe. Galimoto ikhoza kugona kumudzi sabata yonse, koma maliro sangagone pamsewu. A Dauya ananena poyera kuti popanda ine sanyamuka, chifukwa ikachita zachilendo m'phiri sadziwa poigwira. A Mkwate anati, "Mupite nawo. Ikafera panjira, ndilibe choti ndikutumizireni."

Lachitatu, pa geti la mochale

Titatuluka ndi bokosi ndinapeza kumbuyo kwa pikapu kwadzadza kale. Anali amayi a mpingo a kumudzi kwa a Nangozo, amene anatsika dzulo lake pa lole ya kachewere kudzatenga mnzawo, atavala mabulauzi oyera ndi mipango, pamodzi ndi achibale amene ankadwazika matenda. Anali oposa makumi awiri. Anasiya mpata pakati woika bokosi, ndipo anali atayamba kale kung'ung'uza nyimbo. Sanalakwe. Umu ndi m'mene timaperekezera munthu. Galimoto ya maliro saitanirapo, ndipo sakanizirapo. Amayi amakhala mozungulira bokosi n'kuyimba njira yonse, kuti aliyense wa pamsewu adziwe kuti pakudutsa munthu.

Ndinayang'ana matayala a kumbuyo. Anali ataphwathalala kuposa tsiku la matumba a mbewu. M'mutu mwanga ndinaona chinthu chimodzi chokha: galimoto itaima pakati pa phiri m'nkhungu, mvula yowaza ikunyowetsa bokosi, foni yopanda netiweki, boma lonse lopanda dontho la dizilo loti wina atilondole, ndi gogo uja akudikira. Ndinakokera a Yohane pambali n'kuwafotokozera za timizere. Anamvetsa, pakuti ndi munthu wanzeru. Koma anati, "A Gama, ndamva. Koma pakamwa pangapa sipangatuluke mawu amenewo. Mawa ndikhala nawo m'mudzi amayiwa. Inu mubwerera ku boma."

Ndinavula chipewa n'kuima kumbuyo kwa galimoto. Ndinali mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa bwino kulemera kwa zimene ndimati ndinene.

"Amayi, pepani. Galimoto iyi siingakwere phiri ndi tonsefe. Ndikupempha kuti mutsike."

Nyimbo inaduka. Amene anandiyankha anali mtsogoleri wawo, a Nasimango, mayi wamtali wa mawu okuya.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Magetsi ake ndi ochepa, mayi. Ikalemedwa ifera panjira."

"Dzulo tinatsika pa lole titakhala pamwamba pa matumba, lole siinafe. Iyi yoyera ngati ya abusa ikanike amayi a mpingo?"

"Lole imamwa dizilo, ndipo munali kutsika. Ife tikukwera."

"Si inu a magetsi? Onjezani."

"Ndazimitsa ofesi yonse masiku awiri kuti ndipeze amenewa. Kulibe ena."

Mayi wina kumbuyo anafuula, "Nanga inuyo mukwera? Inuyo simulemera?" Ena anaseka kaseko kowawa. Funso limenelo limandilasa mpaka lero, ndipo yankho lake ndalemba kale pamwambapa. Ndinawauza kuti dalaivala wakana kupita yekha. A Dauya anangoyang'ana pansi, osanditsimikizira.

"Munthu si thumba la feteleza kuti apite yekha kumbuyo kwa galimoto," anatero a Nasimango. "Ameneyu wayimbira anthu a m'mudzi mwathu kuyambira ali mtsikana. Lero apite chete?"

Ndinatenga makiyi m'manja mwa a Dauya, ndinatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kunena kuti, "Siinyamuka mpaka mutatsika. Akwere a Yohane ndi mng'ono wa malemu kugwira bokosi, mwana wa malemu akhale kutsogolo. Basi." Anthu a pageti anali atasonkhana, akabaza ataimika njinga zawo kuonerera. Panadutsa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenaka mayi wina wachikulire anatambasula dzanja kuti ndimuthandize, ndipo ena anatsatira mmodzimmodzi, osandiyang'ana. A Nasimango anatsika komaliza, osagwira dzanja langa. Anakonza chitenje n'kunena motsitsa, "Tatsika, a Gama. Tsiku lanu lidzafika. Tidzaone amene adzakuyimbireni."

Pano ndilembe chimene okamba nkhaniyi amachisiya. Amayiwo sanasiyidwe pamsewu. Anagona kutchalitchi cha pa boma, antchito anzanga anawaphikira, ndipo a Mkwate anawapezera malo pa lole yobwerera kumapiri, moti anafika Lachinayi m'mawa mwambo wa kumanda usanayambe. Palibe amene anaphonya kuika maliro. Kapepala ka dalaivala wa lole kali mu fayilo yomaliza.

Lachitatu lomwelo, njira ya ku Tsangano

Tinanyamuka anthu asanu ndi bokosi. Kutsogolo a Dauya, ine, ndi Tamanda, mwana wa malemu amene ndi mphunzitsi. Kumbuyo a Yohane ndi a Estere, mng'ono wa malemu, atafunda lona limodzi ndi bokosi. Ndinaletsa chotenthetsa m'galimoto, moti mpweya wathu umachita nthunzi pagalasi, ine n'kumapukuta ndi mkono wa jekete. Ndinauza a Dauya kuti asathamange ndipo asaponde mwadzidzidzi. Kamzere koyamba kanapita tisanapatuke pamsewu waukulu. Kachiwiri kanapita titangoyamba kukwera. Pamene tala anathera matope anali oterera, matayala amazungulira pachabe, ndipo kuzungulira kulikonse ndinkakumva m'chifuwa. A Estere anayesa kuyambitsa nyimbo. Mawu awo anali atasasa ndi kulira, mphepo inawatenga, ndipo patapita kanthawi analeka. Tamanda sanalankhule njira yonse kupatula kamodzi, pamene anaona ndikusuzumira pa timizere. Anati, "Ankolo, tifika?" Ndinati tifika. Sindinkadziwa.

Chimene sindinachiganizire pa geti paja ndinayamba kuchiona panjira. Galimoto ya maliro ikamadutsa, amuna amavula zipewa, apanjinga amatsika, amayi amapatuka n'kuima. Amatero chifukwa amva nyimbo. Ife palibe anatimva. Anthu amayenda pakati pa msewu m'nkhungu mpaka titafika kumbuyo kwawo, ndipo hutala pa maliro sayimba. Pamsika wa Tsangano tinachepetsa liwiro chifukwa cha ngolo, ndipo mayi wina anathamangira pawindo ndi ndowa. "Bwana, kachewere wa lero uyu, ndikuwonjezerani wina wa prize!" Atasuzumira kumbuyo n'kuona ngodya ya bokosi pansi pa lona, anagwira pakamwa n'kubwerera chambuyo. Tamanda anaphimba nkhope ndi mpango. Tinatuluka pamsika ndi kamzere kamodzi.

Chikweza chomaliza ndi chachitali, chokhotakhota pakati pa minda ya kachewere. Tili pakati pake kamzere kaja kanayamba kuphethira, ndipo panatuluka kachithunzi ka kamba. Galimoto inadzichepetsera yokha liwiro. A Dauya anaponda mpaka pansi koma imangokwawa ngati munthu woyenda. "A Gama, ikutani iyi?" Ndinati ikusunga mphamvu, musachotse phazi. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo m'kuzizira konse kuja. Kenaka tinaona masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti tafika pamudzi wa maliro. Pamenepo a Yohane anamenya denga ndi chikhatho.

"Imani! Imani nditsike ndikawauze! Sitingalowe ngati akuba!"

A Dauya anandiyang'ana. Pamene tinali panali potsetsereka kwambiri, ndipo nyumba inali isanaoneke. Ikanaima pamenepo sindikudziwa ngati ikanadzukanso, ndipo kumbuyo kwathu kunali chigwembe. Ndinati, "Musaime." A Yohane anamenyanso kawiri. Ndinatseka maso n'kubwereza, "Musaime."

Tinalowa pabwalo la siwa popanda munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa. Amuna anali atazungulira moto, misana ili kwa ife, akukambirana za mtengo wa feteleza. Ana amathamangitsana kuseri kwa nkhokwe. Amayi anali m'nyumba ndi kumaphikiro, akudikira kumva nyimbo kuchokera kumunsi kuti atuluke ndi kulira kudzachingamira, monga timachitira. Mtsikana wina wosenza ndowa ya madzi anadutsa kutsogolo kwathu, anatembenuka, n'kupeza galimoto yoyera ili pamphuno pake. Ndowa inagwa. Phokoso la ndowayo ndilo linalengeza kuti a Nangozo afika kwawo. Amuna anadzambatuka, wina akuvula chipewa, wina akufunafuna nsapato. Panalibe wolira, panalibe wolankhula. Aliyense anachita manyazi ngati wagwidwa akuba.

A Yohane anatsika, anabwera pawindo, anayang'ana kamzere kophethira kaja n'kunena, "Katsalatu. Awiri akanakwera." Mwina awiri akanakweradi. Koma awiri ati mwa makumi awiri, ndipo akanasankha ndani?

Kenaka mayi awo a malemu anatuluka m'nyumba, atagwiriziza ndodo, mayi wina atawagwira mkono. Anali aang'ono thupi, maso oyera ndi ukalamba. Anayenda mpaka pa galimoto, anapapasa lona, n'kupeza thabwa la bokosi. Anafunsa mosakweza mawu, koma bwalo lonse linamva.

"Ndani wamuyimbira mwana wanga m'njira?"

A Estere anayamba kusisima. Ine ndinatsika, ndinagwada pamatope paja.

"Palibe, mayi. Oyimba ndinawatsitsa ku boma ndine, kuti galimoto ifike."

"Ndinu ndani?"

"Ndine Gama. Ndagwira nawo ntchito kuyambira tili achinyamata."

Dzanja lawo linali likadali pabokosi. Ndinkadikira temberero, ndipo ndinali wokonzeka kulilandira. Koma iwo anatembenukira kwa mwana wawo.

"Yohane, mwana wanga sanafike. Mubwerere naye pamasamba paja, mukamutenge bwino."

Galimoto inalibe mphamvu yotsika n'kukweranso, ndipo palibe anaifunsa. Amuna anatsitsa bokosi n'kuliika pamapewa. Ngodya imodzi ya kumbuyo inali yopanda munthu, ndinaigwira, ndipo a Yohane anandiyang'ana koma sanandichotse. Tinatsika chikweza chija mwakachetechete, mapazi akuterera, mpaka pamene panali masamba. Pamenepo tinatembenuka n'kuima. Amayi a m'mudzi anatsika pambuyo pathu, ena manja ali ndi ufa, natizungulira. Mmodzi anayambitsa nyimbo, ena analandira, ndipo titayamba kukwera, kulira kunabuka kumtunda, kunyumba, kutichingamira. Anthu anatuluka m'minda ndi m'makomo, zipewa zili m'manja. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, phewa linkayaka moto, ndipo mnyamata wina anafuna kundilandira. Ndinakana mpaka pakhomo.

A Nasimango sandipatsa moni mpaka lero, ndipo ndi ufulu wawo. Koma inu ana anga, wina akadzakufunsaninso ngati bambo anu ndi aja anatsitsa anthu pa galimoto ya maliro, musadzagwetse nkhope. Mudzati inde, ndi omwewo. Ndipo mudzawauze kuti Lachitatu limenelo a Nangozo anagona m'nyumba ya mayi awo, ndipo gogo uja anadya.